Tizilombo Tomwe Tinaiwala Muzu

M'filiji ya a Luba Sawchyn, pashelefu yapansi, pakati pa botolo la nkhaka zoviika mumchere ndi mphika wa msuzi wa bitiruti, munkakhala kabokosi ka timabotolo towonda ngati chala. Mlendo akanatiyesa mankhwala a nkhalamba. Koma alendo pakhomo limenelo ankafika mwa apo ndi apo, ndipo ofikawo ankadziwa kuti m'timabotolomo ndimo munali ntchito ya moyo wonse wa mayiyo.

A Luba anabadwira ku Verba, kamudzi ka alimi ka kuno ku Saskatchewan, chigawo cha chisanu choopsa kumene dziko linagona chagada, lopanda ndi phiri lomwe loti n'kubisa munthu. Bambo awo, a Petro, ankalima tirigu, koma chaka china anayesako nsawawa. Anafesa molawirira monga amachitira aliyense woopa kuti chisanu chimupeza mbewu zisanakhwime, ndipo zinamera zachikasu, zonyentchera ngati ana osiyidwa. Luba, akadali mtsikana wa sukulu, anaona kuti m'mphepete mwa dambo la kuseri kwa munda, pomwe madzi oundana anali asanatheretu, nsawawa zakutchire zinali biriwiri. Anafunsa bambo ake chifukwa chake, iwo anati kutchire kuli mwini wake. Yankholo silinamukwane. Funso lomwelo linamutengera ku yunivesite mumzinda, ndipo ku Verba sanabwererenso kudzakhala.

Pamizu ya nsawawa pamamera timibulu ting'onoting'ono. M'timibulumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timakoka chonde mumpweya n'kumadyetsa mbewuyo, mbewu nayo n'kumatipatsa shuga ndi pogona. Kambulu kamene kali pantchito, ukakaswa ndi chikhadabo, m'kati mwake mumakhala mofiirira. Vuto n'lakuti tizilombo tambiri totere timagona tulo nthaka ikazizira. A Luba, atamaliza maphunziro n'kupatsidwa chipinda chawo chofufuzira, anabwerera ku dambo lija ndi fosholo. Anakumba mizu, anasiyanitsa mitundu yambirimbiri ya tizilombo, uliwonse m'kabotolo kake ndi nambala yake. Yonse inali yaulesi m'chisanu, kupatula wa nambala naini. Ameneyo ankalawirira kuntchito anzake akadali m'bulangete. Kuyambira pamenepo ankangomutchula kuti Naini, ngati dzina la mwana.

Anthu a ntchito imeneyi sayezana ndi nkhokwe kapena ng'ombe. Amayezana ndi zolemba: wasindikiza zingati m'magazini a asayansi, ndipo ndi anzake angati amene amutchula polemba zawo. Pamuyeso umenewo a Luba anali munthu wochepa. Sankasindikiza chinthu asanachione chikubwerezeka m'munda chaka ndi chaka, pomwe anzawo a m'maofesi oyandikana ankatulutsa mapepala ngati nkhuku zoikira. Pepala lonena za Naini linatuluka pa nthawi imene feteleza sankavuta kupeza, moti panalibe amene ankasamala za kachilombo kogwira ntchito yaulere. Masiku amenewo munthu akafuna kuwerenga pepala lako ankakutumizira kakhadi papositi kopempha kope. A Luba analandira timakhadi towerengeka, kena kochokera ku Finland, n'kutimata pakhoma. Kenaka kunangoti zii, mpaka timakhadito tinasuluka.

Koma panali mwambo umodzi umene iwo ankaugwira ngati lamulo la m'tchalitchi. Ukalemba za kachilombo, uyenera kukasunga kamoyo, ndipo aliyense wa ntchitoyi akakapempha, kaya ali kutsidya la nyanja, umam'tumizira osawiringula. Pepala lopanda kachilombo kake ndi mphekesera chabe. N'chifukwa chake mitundu yawo yonse inkasungidwa m'makina aakulu oziziritsira a kuntchito, m'chisanu choopsa momwe kachilombo kamagona zaka zambiri osasintha. Chaka china, m'nyengo yotentha, makinawo anafa pa tchuthi anthu onse ali kunyanja. Pobwerera anapeza zonse zitasungunuka n'kuwola. Naini yekha anapulumuka, chifukwa kabotolo kake kamodzi kanali m'filiji wamba ya mu ofesi, pamodzi ndi kamba wa masana.

Atafika popuma pantchito anawadulira keke. Mkulu wa dipatimenti analankhula mawu okoma n'kusokoneza dzina la mbewu. A Luba anagogoda zitseko zingapo kufunsa amene angatsale ndi Naini, koma achinyamata anali otanganidwa ndi zawo, ndipo aliyense ankati malo alibe. Iwo anamuika m'chikwama cha m'manja n'kupita naye kunyumba. Panalibe choopsa: tizilombo timeneti sitidwalitsa munthu, abale ake ali m'dothi lililonse.

Kachilombo ka m'filiji wamba sikagona kwenikweni. Kamadya pang'onopang'ono, ndipo chakudya chikatha kamafa. Choncho nyengo iliyonse ikamatembenuka, a Luba ankaphikira Naini phala lake: yisiti, shuga wina wapadera, ndi ufa wa ndere za m'nyanja woti phalalo lilimbe. Ankalitenthetsa m'poto wa nthunzi womwe amayi awo ankaphikira ndiwo zosunga m'mabotolo. Ankatseka mawindo, kuyatsa kalawi patebulo, kuwotcha kawaya mpaka kati psuu, kudikira kuti kazizire, kenaka n'kutapa pang'ono m'kabotolo kakale n'kukanda m'katsopano. Nthawi zonse ankatapa pamene ponenepa ndi ponyezimira. Manja awo, omwe ankagwedeza kapu ya khofi mpaka kutayikira, pa ntchito imeneyi ankakhala phee. Mwamuna analibe, ana analibe, mchemwali wawo mmodzi yekhayo anamwalirira ku Winnipeg. Ena akakalamba amaweta mphaka.

Amene ankawayendera anali a Merv Tkachuk, mnzawo wa pasukulu ya ku Verba, omwe anatenga munda wa a Petro. Akabwera mumzinda kudzaonana ndi dokotala wa mabondo, ankadzera kudzamwa khofi.

"Ng'ombe zako zosaoneka zija zili bwanji?" ankatero a Merv akuvula jombo pakhomo. "Zaswa ana angati chaka chino?"

"Oposa zako. Ndiponso sizithyola mpanda wa anthu."

"Udzandigawireko yonona, tikawotche."

"Iwe Merv, unalephera sayansi kawiri. Khala pansi apo, filiji usaikhudze."

"Sindinalephere ine. Aphunzitsi aja ndi amene sankandimvetsa."

Tsiku lina nthabwala zitatha, a Merv anafunsa motsitsa mawu. "Koma zoonadi Luba, ukusungira ndani zimenezi?"

"Wina adzapempha."

"Wina wake uti?"

A Luba anangodula mkate n'kuwakankhira mbale.

Zaka zinapita choncho. Ndiye masana ena a m'nyengo yachisanu, chipale chofewa chogwa kumwamba chitaunjikana mpaka pawindo, foni inalira. Anali mawu a mtsikana, othamanga pang'ono.

"Pepani mayi, kodi ndikulankhula ndi a Dokotala Sawchyn? Omwe aja analemba za tizilombo ta nsawawa togwira ntchito m'chisanu?"

"Ngati mukugulitsa mawindo, ndili nawo kale."

Mtsikanayo anaseka. Anati dzina lake ndi Kendra Bouchard, ndipo amafufuza za nthaka kumpoto kwa Alberta, komwe alimi ayamba kufesa nsawawa m'minda yozizira kuposa ya kuno. "Pepala lanu ndaliwerenga mpaka kuliloweza. Ndavutika kukupezani. Kuyunivesite anandiuza kuti mwina munamwalira."

"Mwina. Ineyo sanandidziwitse."

"Ndikudziwa kuti papita nthawi, ndipo mwina ndi funso lopusa. Nambala naini ija ikadalipo?"

A Luba anatembenuka n'kuyang'ana filiji. Anakhala pansi kaye pampando.

"Alipo, mwana wanga. Ali pafupi ndi nkhaka."

Sabata imeneyo anayenda ngati munthu amene wamva kuti mwana wake wapeza banja. Anaphika phala latsopano, anakanda timabotolo tiwiri, anadikira kuti Naini akule bwino, n'kumukulunga ndi thonje kuti asaundane panjira. Anakametetsa tsitsi ngakhale panalibe wokawaona. Anatulutsa pepala lawo lakale m'kabati n'kuliwerenga ataimirira pawindo, ndipo anadabwa kuti linalembedwa bwino. Kendra anali atanena kuti Naini akachita bwino m'miphika, chaka chomwecho alowa m'minda ya alimi. Ndi chimene a Luba ankafuna chiyambire tsiku lija anaona nsawawa zachikasu za bambo awo. A Merv atamva anavula chipewa n'kuweramira filiji. "Bwana Naini, musatiiwale mukatchuka."

Foni yachiwiri inabwera chipale chikusungunuka, misewu ili matope okhaokha. Ulendo uno Kendra sankathamanga.

"Mayi, Naini m'mbale ya phala akukula bwino zedi, wonenepa, wonyezimira. Koma pamizu palibe kanthu. Ngakhale kambulu kamodzi. Ndayesa m'chipinda chozizira, ndayesanso m'chofunda. Mbewu zonse zachikasu."

"Mchenga munautsuka? Mukatsala feteleza, mbewu imakana alendo."

"Ndinatsuka, mayi."

"Nanga mbewu zanuzo sizinapakidwe mankhwala?"

"Ayi. Ndinaikanso tizilombo togula m'sitolo m'miphika ina pambali. Timeneto tagwira." Kenaka anawonjezera motsitsa mawu. "Abwana anga akuti mwina pepala lija linali ndi cholakwika. Ine sindikugwirizana nazo, komano ndilibe chowaonetsa."

A Luba anati amva, n'kuika foni pansi mwaulemu. Kuiwalika anali atakuzolowera. Koma kuti pepala lawo lokhalo lomwe ankalinyadira liyesedwe bodza, zimenezo zinali zina.

Anatsuka mchenga, anautenthetsa m'poto wa nthunzi uja, anathira m'mabotolo a jamu, anafesa nsawawa n'kuthirira ndi Naini. Mabotolowo anawandanda pawindo la kukhitchini. Mbewu zinamera, zinatambasula timanja take kufuna pogwira, kenaka masamba apansi anayamba kuyezuka. Patapita masabata angapo anazula imodzi n'kuitsuka pampopi. Muzu unali woyera, wosalala ngati ulusi. Anazula ina, kenaka ina. Yonse chimodzimodzi.

Sanafunike wowafotokozera. Iwo eni anaziphunzitsa kwa ana asukulu zaka zambiri, choko chili m'manja. Kachilombo kotere kakakhalitsa m'botolo, kakumadya zophikidwa kale, kamatha kutaya mbali ya chibadwa chake imene kamagogodera pamuzu, pakuti m'botolo imeneyo ndi mtolo wolemera wopanda ntchito. Amene atula mtolowo amaswana msanga kuposa anzawo n'kunenepa. Ndipo kawaya ka a Luba, nyengo ndi nyengo, kankatapa ponenepa pomwepo. Mankhwala akenso ankawadziwa: nthawi ndi nthawi kachilombo kamayenera kubwezedwa pamuzu, n'kukatengedwanso m'kambulu kofiirira. Poyamba ankati adzachita akadzapeza malo abwino. Kenaka ankati mawa. Mwina pansi pa mtima ankaopa chimene akanaona. Anali atadyetsa Naini mokhulupirika zaka zonsezo, osaphonya nyengo, mpaka Naini anaiwala muzu. Chikomekome cha mkuyu.

Kunja kutafunda, a Luba analiza galimoto yawo yakale n'kulowera ku Verba. Anapeza a Merv akukonza makina pabwalo. Anawauza zonse mosazungulira, ndipo a Merv sanaseke. Anakwera galimoto ya kumunda n'kudutsa kuseri kwa nyumba yakale ya a Petro, yomwe denga lake linali litagwera m'kati. A Merv anaimitsa pakati pa munda wa kanola, mbewu ya mafuta ophikira, wongoyamba maluwa.

"Dambo lija lili kuti?" anafunsa a Luba.

"Waima pomwepo."

Anayang'ana uku ndi uku. Kanola anali ponseponse, wosalala mpaka kumene maso analekeza.

"Tinakumba ngalande, madzi anapita," anatero a Merv akuyang'ana nsapato zawo. "Mwana wanga ankati makina a masiku ano sakonda kuzungulira."

"Sunandiuze."

"Sunafunse. Umangondifunsa za mabondo."

A Luba anawerama n'kutapa dothi. Linali lofewa, lolimidwa, lonunkhira feteleza. Analitaya n'kupukuta dzanja pasiketi. Panalibe womukwiyira. Mlimi amalima, ndiyo ntchito yake.

"Ndiperekeze ndikaone amayi ndi abambo, ndizipita," anatero.

Tchalitchi cha ku Verba chinatsekedwa kalekale. Wansembe amabwera kamodzi pachaka kudzadalitsa manda, anthu n'kudyera pomwepo mazira ndi buledi woluka, kenaka chitseko n'kukhomedwanso. Chili pakamtunda, pafupi ndi pomwe dambo lija linkathera. A Luba anazula udzu pamanda a makolo awo, anaimirira kanthawi, n'kuyamba kubwerera motsata mpanda. Pangodya yakumunsi, pomwe madzi a chipale amachedwa kuuma, anaima. Pawaya wa mpanda panali patayanga kachomera ka masamba ang'onoang'ono ndi timaluwa tapepo. Pabwalo la tchalitchi pulawo sinalowepo chibwerere agogo awo m'dziko lino.

"Merv, fosholo uli nayo m'galimoto?"

"Iwe, ukufuna kukumba kumanda? Wansembe akamva, ine sindikukudziwa."

"Kunja kwa mpanda, mbuli iwe. Akufa sakwiya ndi nsawawa."

Mabondo a onse awiri anali otha, koma a Merv ndiwo anagwira fosholo, a Luba akulamula.

"Patali pang'ono, udula mizu! Kumba ngati pansipo pali dzira."

"Ndalima zaka zonsezi, lero undiphunzitse kukumba?"

"Unalima mpaka dambo linathawa. Pang'onopang'ono."

Chibuma chinatuluka chathunthu. A Luba anakhala pansi paudzu, anachiika pamiyendo, n'kumathira madzi a m'chigubu cha a Merv pang'onopang'ono mpaka mizu inaonekera. Timibulu tinalipo, tolendewera ngati mikanda. Anasankha kamodzi n'kukaswa ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira. Anakayang'ana nthawi yaitali, mphepo ikuwauluzira tsitsi kumaso.

"Ndi yemweyo?" anafunsa a Merv.

"Sindikudziwa. Mwina ndi msuweni wake. Mwinanso ndi waulesi ngati iwe. Kuti munthu adziwe, ayenera kuyambiranso: kusiyanitsa, kuyesa m'chisanu, kudikira zaka."

"Zaka zimenezo uli nazo?"

"Ine ayi. Mtsikana uja ali nazo."

Mizuyo anaitumiza ku Alberta ndi dothi lake lomwe, m'bokosi lozizira lomwe a Merv ankasungiramo nsomba. Kenaka anaimbira Kendra n'kumuuza mmene Naini anathera, osachotsera kanthu.

"Mukamadzalemba, mulembe momwemo," anatero. "Munene kuti mtunduwo unafooka uli m'manja mwa mwini wake, chifukwa chousamutsa m'botolo ndi m'botolo osaubweza pamuzu. Abwana anu adziwe kuti pepala silinaname. Ndipo wina asadzachitenso."

"Mayi, zimenezo zidzaoneka ngati ndikukunyozani."

"Zidzaoneka ngati zoona. Ndiponso ndiye kutchulidwa kumene, si choncho? Ndadikira nthawi yaitali."

Kendra anaseka, koma kuseka kwake kunali kosakanikirana ndi misozi. "Tikapeza wogwira m'chisanu, tidzamutcha dzina lanu."

"Mudzam'patse nambala. Mudzamugoneke m'chisanu tsiku lomwelo, m'makina awiri osiyana nyumba. Ndipo chaka chilichonse azionako muzu, mwana wanga. Musadzamusunge ngati mmene ndinachitira ine."

Panatsala kabokosi kaja. Anthu a ntchitoyi satayira kachilombo kamoyo m'bini, ngakhale kosalakwa. Amakaphika. Mmawa wina a Luba anatulutsa timabotolo tonse, anamasula zivindikiro pang'ono monga mwa lamulo, anatiimika m'poto wa amayi awo, anathira madzi n'kutseka. Naini anali wonenepa monga mwa masiku onse, woyera ngati mafuta a mkaka. Anakhala pampando manja ali pamiyendo, kumvetsera poto akulira. Poto atazizira anatsuka timabotoloto kamodzikamodzi n'kutiyanika chozondotsa pansalu. Pashelefu yapansi anasunthirapo botolo la nkhaka kuti litseke malo, koma malowo sanatsekeke.

Masamba atayamba kufiira, manja awo anatsitsa okha poto uja pamwamba pa kabati. Anazindikira atamuika kale pachitofu. Anamubwezera.

A Merv anabwera sabata yomweyo, bondo lina litamangidwa. Anavula jombo pakhomo, anatsegula pakamwa kuti afunse za ng'ombe, n'kutsekanso. Anakhala pansi pamalo awo a nthawi zonse.

"Mtsikana uja waimba?"

"Sanaimbe. Ulendo watha anati wasiyanitsa mitundu ingapo, ili m'chipinda chozizira. Zimenezi sizifuna phuma."

A Luba anathira khofi m'makapu awiri, wina n'kutayikira pang'ono patebulo. Foni inali pakhoma pomwe inkakhala, ndipo mpando wa a Luba tsopano unkayang'ana kumeneko.

"Mkaka uli kuti?" anafunsa a Merv.

"Tsegula filiji utenge wekha. Mulibenso choti uwononge."